Kusambitsa Amama

"Akana," anatero a Hosea, akutsamiza njinga pamtengo wa mango. Malaya anali atawamatirira kumsana ndi thukuta, pakuti dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa silisewera ndi munthu. "Ndalowa khomo ndi khomo. Mawu ndi amodzi: akapanda kunyamuka amake Fabiano, palibe amene anyamuke."

Millicent anatula chidebe pamutu n'kuchikhazika pansi mwamphamvu, madzi n'kumukhavukira kumapazi. Anayang'ana amalume akewo, kenako anayang'ana kumpanda kumene amayi a m'mudzi anali atandanda pamthunzi, miyendo atatambasula. Kubwera anabwera, inde. Maliro n'kulirana, ndipo ku Kakumbi palibe angakhale pakhomo pake mnzake ataferedwa. Koma anabwera ndi matupi okha. M'nyumba sanalowe, nyimbo sanayambitse, ndipo manja awo, amene ankafunika kuposa china chilichonse, anali atawapinda pamiyendo.

Mayi ake a Millicent, a Margaret, anamwalira dzana kuchipatala, matenda a shuga atawadya pang'onopang'ono. Thupi linali m'firiji kumochale, kudikira amayi oti akalisambitse ndi kuliveka. Kwathu kuno mwana sasambitsa mtembo wa amake. Imeneyo ndi ntchito ya amayi akuluakulu a m'mudzi. Ndiye chowawa nachi: amene ankatsogolera ntchito imeneyo zaka zonsezi anali a Margaret omwewo. Mkazi akafa ku Kakumbi, kaya ndi malungo, kaya pobereka, kaya wapondedwa ndi njovu moti ena akuthawa kumuyang'ana, anthu ankathamangira kwa iwo. Lero iwo ndiwo asowe wowathira madzi! Zoona, anthufe sitikumbuka.

"Nanga achibale a ku Katete?" anafunsa Millicent.

"Ku Katete kwatsala ndani, mwana wanga? Nkhalamba zosakhoza n'kukwera basi komwe." A Hosea anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ndipo bambo wa kumochale wandiuza mosabisa. Magetsi akungozimazima, firiji sikugwira bwino. Akuti mawa naini isanakwane tikatenge thupi, tachedwa kale. Wanenanso kuti ngati tasowa anthu, iye akhoza kungowapopera madzi ndi paipi."

"Mwamuna? Amama? Ndi paipi yotsukira pansi?" Mawu a Millicent anakwera mpaka amayi a kumpanda aja anazolika. "Ndiye inu mwamuyankha chiyani, amalume?"

"Ndangokhala chete. Ndikanati chiyani?"

Pakhonde, kuseri kwa nsanamira, panali Queen, mng'ono wake wa Millicent, amene anafika dzulo kuchokera ku Chipata. Nayenso anali atazolika, koma osati ndi chisoni chokha ayi. Chala chake chinali kuyenda pa foni. Millicent anafika osamveka n'kumutsomphola foniyo. Pagalasi panali chithunzi cha amayi awo, atachizunguliza makandulo ndi nkhunda zoyera, kanyimbo kachisoni kakulira pansipansi. M'munsi mwake anthu anali kulemba. Wina anati, "Ausewo mumtendere amama a nyimbo ija," n'kuikapo tinkhope toseka.

"Kodi iwe m'chifuwa mwakomo muli mtima kapena batire?"

"Asisi, ndikungoyankha anthu amene akupepesa."

"Anthu ake ati? Poti ndi ambiri chotere, auze abwere adzasambitse amako."

Queen anakoka chitenje n'kubisa nkhope.

Nkhaniyi inayamba chaka chatha, paukwati wa Susan, mwana wamkazi wa amake Fabiano, mnzawo wakalekale wa a Margaret. A Margaret anali mlangizi wamkulu m'mudzi. Mkazi akamalowa m'banja, alangizi amamutsekera m'nyumba n'kumuphunzitsa za m'banjamo ndi ng'oma, nyimbo ndi magule amene mwamuna kapena mwana saloledwa kuona. Nyimbo zambiri a Margaret ankapeka okha, zoluma, zoseketsa, zoti mkwatibwi sangaziiwale ngakhale atakalamba. Alangiziwo anamulola Queen kulowa tsikulo chifukwa naye anakwatiwapo, ngakhale banja lake silinakhalitse. Ntchito yake inali yoperekera madzi akumwa. Iye ndiye anabisa foni pakati pa zitenje pawindo.

Luso mwanayo ali nalo, zimenezo tisamunamizire. Ku Chipata ankadziwika ndi timavidiyo take ta pa intaneti: kudula apa, kulumikiza apo, kuika mawu oyenda m'munsi, munthu n'kumaonera mpaka bandulo kutha. Vidiyo ya chilangizo cha Susan anaikonza bwino kuposa zonse, n'kuiponya patsamba lake. Sabata isanathe inali paliponse. Anyamata a njinga zamoto pamsika ankaimba nyimbo ija Susan akamadutsa. Operekera zakudya m'makampu a alendo oona nyama ku Nkwali ankaonetsana kukhitchini. Wina ku Lusaka anaiikira ng'oma za pakompyuta, moti ikulira m'mabawa mpaka lero. Ndipo pakati pa vidiyoyo panali nkhope ya Susan, chitenje chili m'chifuwa basi, akuphunzira kuvina zimene anayenera kuvinira mwamuna wake yekha. Queen anaifufuta pambuyo pake, koma madzi akatayika saoleka.

Alangizi atasonkhana kuti aweruze mlanduwo, a Margaret anaimirira n'kunena kuti, "Ndinamutuma ndine." Bodza lamkunkhuniza! Koma anaumirira pomwepo, sanasunthe. Anzawo anawalanda ng'oma, n'kulumbira kuti manja awo sadzakhudzanso Margaret, kaya ali moyo kaya atafa. Ambiri tinkayesa kuti ndi mawu a mkwiyo chabe.

"Nyamuka," anatero Millicent, akuponyera mng'ono wake foni pamiyendo. "Tikupita kwa amake Fabiano. Ukagwada pansi, ukanene ndi pakamwa pako kuti amama analibe mlandu."

Anawapeza kudimba, akumanga tinsanza pachingwe cha mpanda. Tinsanzato ankativiika kaye m'chitini cha oilo wakuda wosakaniza ndi tsabola, kuti njovu zikanunkhiza zibwerere. Fungo lake linkalowa m'maso munthu asanafike n'komwe.

"Mwaswera bwanji, amama?" anatero Millicent.

"Ndaswera. Pepani ndi zovuta." Mayiwo sanatembenuke.

Millicent anamukankha Queen pamsana, ndipo Queen anagwada pafumbi lotentha.

"Amama, ndabwera kudzapepesa. Foni ija ndinabisa ndine. Amama sananditume, sankadziwa n'komwe."

Amake Fabiano anamaliza kumanga kansanza kamene kanali m'manja, n'kutenga kena.

"Ukuyesa ukundiuza zachilendo? Tonse tinkadziwa. Margaret ankalephera n'kuyankha komwe foni ikalira, ndiye akatume munthu kujambula?"

"Nanga ngati munkadziwa," anatero Millicent, "mukuwalangiranji?"

"Chifukwa anatiyang'ana m'maso n'kutinamiza. Ine ndi amako tinatsika limodzi kuchigwa kuno tili akwatibwi. Ana anga onse anabadwira m'manja mwake. Tsiku lija ndinkadikira kuti anene kuti, 'Rosemary, mwana wanga walakwira mwana wako. Nayu, mulange.' Tikanamulanga, akanalira, zikanatha. Koma iye anadziika kutsogolo ngati chitseko, kuti tisamufike mwana wakeyo. Anasankha wake. Wanga anamuponda."

Queen anakweza mutu pang'ono. Pakamwa pake sipanazolowere kukhala chete.

"Koma amama, nyimbo zija anthu anazikonda. Alangizi a m'tauni akuziimba tsopano, ena amandilembera kufunsa kuti anapeka ndani. Zikanangofera m'nyumba, palibe akanadziwa kuti amama anali ndi mphatso yotere."

Millicent anamutsina pamkono mpaka chikhadabo kulowa, koma mawuwo anali atatuluka kale. Apa m'pamene amake Fabiano anatembenuka.

"Nyimbo ija sinali ya anthu, iwe. Inali ya Susan. Amako anaona kuti mwanayo ndi wamanyazi, akunjenjemera, ndiye anamupekera kuti aseke, mantha amuchoke. Inali yake yekha, ngati mkanda wa m'chiuno. Lero oledzera akuivina mabotolo ali m'manja. Mwamuna wake, mphunzitsi uja, anachita kupempha kuti amusamutse, ana a sukulu atayamba kumuimbira m'kalasi. Ali ku Solwezi. Susan anabereka mu Juni, ndipo akuti kuno sadzapondanso. Mdzukulu wanga ndimamuonera pa foni, kamutu kakang'ono ngati chala ichi, netiweki ikafuna. Sindidziwa fungo lake. Inu amayi anu mukawaika mawa, ndipo mudzadziwa pamene agona. Ine wanga ali moyo, koma ndinaika kale."

Millicent anagwada naye pambali pa mng'ono wake, chinthu chimene sanakonzekere.

"Amama, ine ndinakulakwirani chiyani? Ine ndilibe tsamba, foni yanga ndi ya mabatani. Ngati simungachitire iwo, chitirani ine. Musalole kuti mwamuna awapopere ndi paipi."

Maso a amake Fabiano anadzaza misozi. Anaipukuta ndi phewa, pakuti manja anali ndi tsabola.

"Iwe sunalakwe, Millicent, ndipo ukundimvetsa chisoni. Koma ndinalumbira pamaso pa anzanga. Ndikuuzenso china: ngakhale ine nditafewa, amayi aja sangavule munthu m'chipinda chimene alipo uyu. Akuti tisambitse lero, mawa tidzadzione pa foni tikutembenuza maliro, anthu akuseka? Kumanda ndibwera. Dothi ndiponya. Koma madzi ayi."

Anabwerera kumpanda wawo n'kuviika kansanza kena m'chitini.

Pobwerera Millicent ankayenda patsogolo, mwamsanga, ngati sakumudziwa amene ali pambuyo pake. Atafika pamene njira imadutsa mumtsinje wouma, mkwiyo unamuposa.

"Wasangalala? Ine ndinasiya ntchito yochapa kukampu kuti ndiwasamale. Jekeseni ndinkawabaya ndine. Zilonda za kumapazi ndinkatsuka ndine. Usiku akafuna kuchimbudzi ndinkawabereka kumsana ndine, ndikuopa njovu. Iwe unkabwera pa Khirisimasi ndi foni yako, kuwajambula akusenda mtedza, anthu n'kumati, 'Mwana wabwino, amakonda amake.' Ndipo lero, chifukwa cha iwe..."

"Asisi, pali ina."

"Ina chiyani?"

"Vidiyo ina."

Millicent anaima. Pakanakhala mwala pafupi, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji, koma mumtsinjemo munali mchenga wokhawokha.

"Osati ngati ija," anafulumira Queen. "Iyi anandiitana okha. Mu Ogasiti, tsiku lija munapita ku Mambwe kukatenga mankhwala. Mukukumbuka kuti munandipeza pakhomo, ndinanama kuti ndadutsira? Anati, 'Anzanga sadzabwera, ndikuwadziwa. Mudzandisambitsa nokha ana inu, ndipo simudziwa kanthu. Imika chinthu chakocho pampando.' Ndiye anandigoneka pamphasa ngati maliro, n'kuonetsa zonse pa ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi."

"Pa iwe."

"Anati ndiwe unaononga, ndiwe ugone pansi."

"Ine osandiuza."

"Anati inu mukanalira, mukanakana."

Millicent anaseka, kuseka koipa kosachokera m'mimba. Zinamupweteka kuposa mawu a amake Fabiano. Iye ndiye ankagona nawo chipinda chimodzi, ankadziwa kupuma kwawo akagona bwino ndi kupuma kwawo shuga akakwera, koma ngakhale za imfa yawo anakambirana ndi Queen. Kuyambira ali ana zinali choncho. Queen akaswa mbale, amama ankati inali yong'aluka kale.

"Bwanji sunanene dzulo? Wandisiya ndikugwada pafumbi?"

"Ndimayembekeza kuti mwina abwera. Ndipo ndimaopa, asisi. Ine ndemwe sindinaitsegulepo chijambulireni."

"Waionetsa ndani?"

"Palibe."

"Sunaganizepo zoiponya patsamba lako lija? Usandinamize."

Queen anayang'ana mchenga. Anakumba pang'ono ndi chala cha kuphazi.

"Ndinaganizapo," anatero. "Ikanayenda kuposa yoyamba ija. Koma sindinatero."

"Ukadzangoyesa, ine ndi iwe ubale watha."

"Ndikudziwa."

A Hosea atamva zimenezi anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Mwana kusambitsa amake? Amenewo ndi malaulo, ana inu. Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ndi awo akhala kumpandawo, amalume," anatero Millicent. "Anena kale zimene amafuna kunena. Kapena mukufuna paipi?"

Bamboyo anayang'ana nyumba ya mlongo wake.

"Margaret, Margaret," anatero pomaliza, akupukusa mutu. "Wafa, koma ukulamulabe. Chabwino. Ndikauza anyamata kuti galimoto ndi bokosi zifike m'mawa."

Kutacha anafika kumochale ndi beseni, sopo, mafulasiki a madzi otentha, botolo la vaselini, chipeso, ndi yunifolomu ya kutchalitchi imene Millicent anasita yekha. Bambo wa kumochale anakoka thupi n'kuliika patebulo lachitsulo. Anawayang'ana awiriwo, n'kuyang'ana pakhomo ngati akudikira ena. Ataona kuti palibe akubwera, anatuluka mwakachetechete n'kutseka chitseko. A Hosea anatsala panja ndi bokosi.

M'chipindamo munkanunkha mankhwala, ndi fungo lina pansi pa mankhwalawo. Amama anali atachepa. Munthu uja ankati akaomba m'manja nyumba yonse n'kukhala zii, apa anali ngati mtolo wa nkhuni pansi pa nsalu ya chipatala. Millicent anagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka chizungulire chitadutsa.

"Bweretsa kuno," anatero. Analandira foni ija ndi zala ziwiri, ngati yodetsedwa, n'kuitsamiza pabokosi la sopo pawindo. "Yatsa."

Pagalasi panaoneka chipinda chawo chochezera. Amama anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, beseni lomweli lili pambali pawo. Patsogolo pawo pamphasa panagona Queen, maso atatsinzina. Amama anasuzumira kufoni, akutsinzinira diso limodzi.

"Yayamba? Ikundiona? Chabwino. Millicent, ndikudziwa kuti wakwiya. Kwiya, koma manja azigwira ntchito."

Millicent anagwira pakamwa.

"Choyamba, musakapite kukagwada kwa Rosemary. Mlandu wake ndi woona, ndipo ameneyo satembenuka. Mungotha mawondo pachabe."

Awiriwo anayang'anana.

"Chachiwiri, musandivule poyera. Mundifunditse chitenje kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, manja azilowa pansi pake, chonchi. Maso anu akhale kumaso kwanga. Mukatero simunaone kanthu, ndipo wonena kuti mwachita malaulo abwere adzafunse ine. Madzi akhale ofunda. Ozizira ndimadana nawo, mukudziwa. Ndipo muzindiuza chilichonse musanachite. Munthu wakufa samudzidzimutsa."

Queen anaimitsa vidiyoyo. Anathira madzi m'beseni, Millicent n'kuwayesa ndi chigongono. Anatambasula chitenje, n'kusolola nsalu ya chipatala pansi pake monga anaonera.

"Amama," anatero Millicent, "tikuyamba kumaso."

Anayenda choncho, pang'onopang'ono. Vidiyo ikayenda, iwo ayang'ana. Queen akaiimitsa ndi chala chonyowa, iwo achita. Kumaso, kuseri kwa makutu, m'khosi. Atafika pamkono wamanja anapeza wauma, sukupindika. Queen anayamba kukoka.

"Usawathyole, iwe!" anakalipa Millicent. "Yatsa, timve."

Ngati akuwaona, amama a pagalasi anali atanyamula mkono wa Queen. "Mukapeza ndauma musalimbane nane. Nsalu yofunda muiike apa pachigongono, muzisisita, muzindinyengerera. Ndifewa." Kenako nsalu yawo inalowa m'khwapa, ndipo Queen wa pamphasa uja anaphulika kuseka. Amama anamuwaza mbama pantchafu. "Maliro saseka, iwe! Gona bwino!"

Phwete linamutuluka Millicent asanaligwire, ndipo pomwepo linasanduka kulira. Anawerama, mapewa akugwedezeka.

"Ndipo misozi isandigwere," anatero amama, akufinya nsalu m'beseni. "Wofuna kulira akalirire panja, akatha abwere."

Millicent sanatuluke. Anapukuta maso ndi phewa, n'kuika nsalu yofunda pachigongono, n'kuyamba kusisita. "Feweni, amama," ankanong'ona. "Feweni, ndine Millicent." Patapita nthawi mkonowo unalola.

Anawatembenuza atawauza, anawatsuka kumsana, anafika kumapazi kumene kunali zilonda zija. Kumeneko Millicent sanafune vidiyo. Ankadziwa chala chilichonse. Queen ataona mapaziwo anabwerera m'mbuyo. Sanadziwe kuti anafika pamenepo, chifukwa pojambula amama ankawabisa m'chitenje.

"Yang'ana," anatero Millicent. "Usathawe. Izi sunajambule."

Queen anayang'ana. Kenako anagwada n'kugwira phazi linalo, n'kulitsuka yekha.

Anawadzoza vaselini, anawapesa, anawaveka siketi yakuda ndi bulauzi yoyera, zonse pansi pa chitenje. Amama a pawindo ankalamulabe. "Mabatani onse, mpaka la m'khosi. Duku mumange ngati ndikupita kutchalitchi, osati ngati ndikupita kudimba. Millicent, umange ndiwe, uyu amamanga zam'tauni." Millicent anamanga, anamasula, anamanganso. Atachotsa chitenje, patebulo paja panali amayi awo enieni, aukhondo, okonzeka ulendo. Palibe mlangizi akanapeza pokonza.

Pagalasi, amama anatenga kansalu koyera n'kuphimba nako nkhope ya Queen.

"Basi, zatha. Madziwo mukathire patsinde pa mtengo, osati panjira podutsa anthu. Dzuka iwe, ukazimitse chinthu chakocho."

Koma Queen wa pamphasa uja sanadzuke.

"Apa ndinagwidwa ndi tulo," anatero Queen, akupukuta manja kuti azimitse foni. "Kunali kotentha, ndipo anandisisita nthawi yaitali. Nditadzuka ndinapeza foni itazima yokha. Zatha, asisi."

Millicent anamugwira dzanja. "Siya."

"Queen," anaitana amama a pagalasi, akusonkhanitsa sopo ndi chipeso. Zii. Anatembenuka n'kuyang'ana thupi logona pamphasa, nkhope yophimbidwa, manja atawaika okha pachifuwa. "Queen. Iwe, Queen!"

Nkhope yawo inasintha. Mayi amene anagwira mitembo ya mudzi wonse dzanja osanjenjemera anakwawa ndi mawondo, kuiwala zilonda, kugubuduza beseni madzi n'kutayikira pamphasa. Anatsomphola kansalu kaja. Anaika kuseri kwa zala zawo pansi pa mphuno ya mwanayo, n'kudikira, pakamwa pali yasa. Sanakhulupirire zala, anaikanso khutu pachifuwa. Kenako mapewa awo anagwa, ndipo anapuma mpweya wautali umene unamveka mpaka m'chipinda cha mochale.

Anadzuka pachifuwapo atakwiya. Anakweza dzanja m'mwamba, chikhatho chotambasula, pamwamba penipeni pa tsaya la Queen. Dzanjalo linaima pamenepo. Millicent anadzimva akupempha mumtima, mopanda manyazi: mumenyeni, amama, kamodzi kokha.

Dzanja linatsika pang'onopang'ono. Linatola kansalu koyera kaja, linakapinda pawiri. Amama anasendera pafupi, anakhazikika bwino, n'kuyamba kumukupiza mwanayo kumaso, kuingitsa ntchentche kuti zisamudzutse.

Kumochale kuja, Queen anakhala pansi pa simenti yonyowa, manja ali kumutu. Millicent anaima chiimire, dzanja lake lili paphewa lozizira la amayi ake, maso ali pawindo.

Chitseko chinagogodedwa. "Mwatha, ana inu?" anafunsa a Hosea ali panja. "Dzuwa likukwera."

Pawindo paja amama anali kukupizabe.